PHINDU LA MAKOMPYUTA LIONEKE KU LIRANGWE NDI KU CHILEKA

Zaka zapitazi m'maofesi ambiri a Boma mwalowa makina a kompyuta, kotero kuti ntchito zimene kale zinkalembedwa m'mabuku akuluakulu ndi kusungidwa m'mafaelo tsopano zikuyendera m'makinawa. Pa nkhani imeneyi anthu agawanika pawiri. Ena akuti Boma likungomwaza ndalama za misonkho pogula zinthu zapamwamba pamene zipatala zikusowa mankhwala. Ena akuti makina akangofika, ulesi, ziphuphu ndi kuchedwa kwa ntchito zitha zokha. Ife tikuti magulu onse awiriwa aphonya. Makina amapulumutsadi ndalama ndi nthawi, ndipo umboni wake ulipo m'dziko lathu lomwe lino. Koma phindu limenelo silidza lokha, ndiponso muyeso wake weniweni ndi thumba la munthu wa kumudzi, monga mlimi wa ku Lirangwe kapena mayi wa geni wa ku Chileka m'boma la Blantyre.

Madera awiriwa tawasankha dala. Kalembera wa anthu wa chaka cha 2018 anapeza kuti mu mzinda wa Blantyre munali anthu pafupifupi 800,000, ndipo m'midzi ya boma lomweli munali anthu oposa 450,000. Anthu amenewa, a kwa Kuntaja, kwa Kunthembwe, kwa Kapeni, kwa Lundu ndi kwa Chigaru, amaoneka ngati ali pakhomo penipeni pa tauni. Lirangwe ali pa msewu waukulu wa M1, ukapitirira Lunzu ndi Matindi polowera ku Zalewa, ndipo Chileka ndiye mwini bwalo la ndege. Komabe maofesi akuluakulu amene anthuwa amawafuna, monga ya Bwanamkubwa, ya zamsewu, ya mapasipoti ndi ya misonkho, ali m'tauni. Tsono ngati munthu wokhala pafupi chonchi amavutika kuti athandizidwe, nanga mnzake wa ku Chingale kapena wa ku Neno zimamuthera bwanji?

MTENGO WA PEPALA

Tiyeni tiyambe tawerengera mtengo wa kachitidwe kakale. Munthu wochokera ku Mdeka kapena mkati mwa Kunthembwe akafuna kalata ya Boma amadzuka m'mbandakucha, nkukwera kabaza mpaka pa msewu, kenaka minibasi mpaka m'tauni. Ndalama yoyendera imeneyo aitulutsanso pobwerera. Masana afuna chakudya. Kumunda tsiku limenelo sikugwiridwa ntchito, ndipo ikakhala nyengo yopalira kapena yobandira, tsiku limodzi lotayika limadzaonekera m'nkhokwe. Atafika pa ofesi nkuuzidwa kuti faelo yake sikuoneka, kapena kuti osaina atuluka, ndiye kuti zonsezi azibwereza mawa. Mawu akuti "bwerani mawa" ngopepuka m'kamwa mwa kalaliki, koma kwa munthu wa kumudzi amatanthauza kugulitsa nkhuku ina. Ndipo pamene pali mzere wautali ndi kuchedwa, pamenepo mpamene pamamera madobadoba, anthu olonjeza kufulumizitsa ntchito ya Boma pa mtengo wapadera.

Ndalama zimenezi sizilembedwa m'buku lililonse la ku Treasury, komabe ndi chuma cha dziko chimene chikutayika tsiku ndi tsiku. Boma nalonso limalipira mbali yake. Limagula mapepala, inki ndi makabati. Limathira mafuta m'galimoto zonyamula mafomu kuchokera ku maboma kupita ku Lilongwe, ndipo limalipira maalawansi a antchito operekeza mafomuwo. Choopsa kwambiri nchakuti pepala silidziwa nkhope ya munthu. Dzina limodzi likhoza kulembedwa kawiri m'midzi iwiri, wakufa akhoza kumalandirabe malipiro, ndipo mudzi umene kulibeko ukhoza kumalandira thandizo chaka ndi chaka.

ZIMENE ZATHEKA KALE

Maziko a kusintha konseku ndi chitupa cha unzika. M'chaka cha 2017 nthambi ya Boma ya National Registration Bureau, mothandizidwa ndi bungwe la UNDP ndi maiko ena akufuna kwabwino, inalemba Amalawi oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Aliyense anajambulidwa nkhope ndi zidindo za zala, ndipo anapatsidwa nambala yakeyake. Kufikira nthawi imeneyo Mmalawi wamba analibe chomuzindikiritsa chodalirika kupatula kalata ya amfumu kapena chitupa chovotera. Chaka chotsatira, polemba maina a ovota pa chisankho cha 2019, chitupa chomwechi chinagwiritsidwa ntchito, ndipo amene anapita kukalembetsa akukumbukira kuti makina ankangowerenga chitupacho, munthu nkumapita kwawo posakhalitsa.

Alimi ndiwo anaona kusintha kwakukulu. Kuyambira chaka cha 2005 fetereza wotsika mtengo ankagulidwa ndi makuponi a pepala. Makuponiwo ankafuna ndalama zosindikizira, galimoto zowanyamula ndi apolisi owalondera, ndipo ngakhale zinali choncho ena ankabedwa, ena ankagulitsidwa kwa mavenda, enanso ankapangidwa achinyengo. M'chaka cha 2020, pamene ndondomeko ya AIP inayamba, makuponi anathetsedwa. Mlimi ankangoonetsa chitupa cha unzika, wogulitsa nkuchiwerenga ndi foni, ndipo thumba la makilogalamu 50 ankaligula pa mtengo wa K4,495. Chofunika kuchidziwa nchakuti poyamba pa mndandanda panali maina oposa 4.2 miliyoni, koma atawayerekeza ndi kaundula wa zitupa anatsala pafupifupi 3.8 miliyoni. Popeza dzina lililonse linkayenera matumba awiri, aliyense akhoza kudziwerengera yekha kuchuluka kwa fetereza amene akanalowa m'manja mwa anthu ongopeka. Ndalama zotero ndizo timanena tikamati makina amapulumutsa chuma.

Palinso zitsanzo zina. Kalembera wa 2018 uja anachitika ndi timakina ta m'manja m'malo mwa mafomu a pepala, ndipo zotsatira zoyamba zinalengezedwa mu Januwale 2019, patangopita miyezi yochepa chichitikire kalemberayo. Ntchito ya Chipatala cha pa Foni, imene inayamba ku Balaka m'chaka cha 2011 nkudzafalikira dziko lonse, inaonetsa kuti mayi akhoza kulandira uphungu wa zaumoyo asanawononge ndalama yoyendera. Pa bwalo la ndege la Chileka, kuyambira chaka cha 2019 mlendo wofuna chilolezo cholowera m'dziko muno anapatsidwa mwayi wochipempha pa intaneti asananyamuke kwawo. Ndipo chiyambire Airtel Money m'chaka cha 2012 ndi TNM Mpamba m'chaka cha 2013, anthu a m'midzi anazolowera kutumiza ndi kulandira ndalama pa foni. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa Lunzu safunikanso kuphunzitsidwa zimenezi. Chotero wonena kuti anthu a kumudzi sangathe kugwiritsa ntchito njira zatsopano akuwanyoza pachabe.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Koma tikanama tikanena kuti zonse zayenda bwino. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo tsamba lino lili ndi udindo wotsina khutu.

Phunziro loyamba ndi la chaka cha 2013. Boma linali kale ndi makina oyendetsera chuma otchedwa IFMIS, amene anaikidwa ndi cholinga choti ndalama iliyonse yotuluka izioneka. Koma anthu ena a m'kati, odziwa manambala achinsinsi olowera m'makinamo, ankalipira makampani amene sanagulitse kanthu ku Boma, kenaka nkufufuta umboni wake. Kampani yofufuza mabuku ya Baker Tilly ya ku Britain inapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasokonekera pakati pa Epulo ndi Sepitembala chaka chimenecho. Maiko otithandiza anaimitsa thandizo la ndalama pafupifupi 150 miliyoni za ku America, ndipo amene anamva kuwawa anali odwala ndi ana a sukulu a m'midzi. Nkhani ya Cashgate ikutiphunzitsa kuti kompyuta imachita zimene wailamula. Ikagwidwa ndi wakuba, imaba mofulumira kuposa cholembera. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, choncho tiyenera kusamala kwambiri za amene timawapatsa makiyi a makinawa, ndiponso munthu mmodzi asakhale ndi mphamvu yoyambitsa malipiro, kuwavomereza ndi kufufuta mbiri yake.

Phunziro lachiwiri ndi la mapasipoti. Kumayambiriro kwa chaka cha 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo. Mu Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti wa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena analowerera m'makina a nthambi ya Immigration ndipo ankafuna kuti alipidwe dipo. Ntchitoyo inadzayambanso mu Malichi. M'masabata amenewo ophunzira, odwala ofuna chithandizo kunja, amalonda ndi achinyamata ofuna ntchito ku South Africa anangokhala manja ali m'khosi. Pamenepa tikuona kuti dziko likaika ntchito yake yonse m'makina, liyenera kusunga lokha makiyi ake, kukhala ndi ana ake odziwa kukonza makinawo, ndiponso kusunga kaundula wina pamalo apadera. Mgwirizano uliwonse ndi kampani yogulitsa makina uzinena momveka kuti kaundula wa Amalawi ndi wa Amalawi, ndipo kampani ikachoka izisiya zonse m'manja mwa Boma. Tikumbukirenso kuti ziphaso zogwiritsira ntchito makina ambiri zimalipiridwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa zonse zogulidwa kunja unakwera. Wowerengera phindu la makina awerengerenso ndalama zowasamalira chaka ndi chaka, osangoti zogulira zokha.

Phunziro lachitatu ndi la netiweki ndi magetsi. M'nyengo yoyamba ya AIP alimi m'madera ambiri anagona pa misika ya fetereza chifukwa netiweki inkavuta, ndipo mavenda ena anapezerapo mpata wogula kapena kubwereka zitupa za alimi osauka. Mawu akuti "netiweki palibe" akhoza kusanduka "bwerani mawa" watsopano. Kalembera wa 2018 anaonetsanso kuti mwa mabanja 100 alionse, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Nzomvetsa chisoni kuti nthambo zonyamula magetsi a ku Nkula ndi ku Tedzani, ndi mipope ya madzi ochokera ku Walker's Ferry kudzera ku Chileka, zimadutsa m'midzi ya anthu amene ambiri a iwo sanalawebe zinthu zimenezi m'nyumba zawo. Tinaonanso mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko nkutaya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 mpaka chaka cha 2023. Ofesi ya makina yopanda sola kapena batire losungira mphamvu imatsekedwa ndi kuzima kwa magetsi kwa ola limodzi.

Phunziro lachinayi ndi loti m'maofesi ena makina afika koma pepala silinachoke. Munthu amadzaza fomu pa kompyuta, kenaka nkuuzidwa kuti aisindikize, aipititse yekha ku ofesi, aidinditse, ndipo kalaliki ailembenso m'buku. Pamenepo Boma likulipira kawiri, ndipo munthu wa ku Lirangwe ulendo wake uja wa m'tauni uli pomwepo. Kuika kompyuta pamwamba pa kachitidwe kakale popanda kuchotsapo sitepe ngakhale imodzi kuli ngati kugula ngolo koma katundu nkumasenzabe pamutu.

ZOYENERA KUCHITA

Zida zoyambira tili nazo. M'chaka cha 2017 Banki Yaikulu pa Dziko Lonse inavomereza ndalama zokwana 72.4 miliyoni za ku America zoyendetsera ntchito ya Digital Malawi, yolumikiza maofesi a Boma, sukulu ndi zipatala ku intaneti. Mu Julayi 2022 kunatsegulidwa nyumba yosungiramo kaundula wa Boma, National Data Centre, mu mzinda wa Blantyre momwemo. Malamulo aliponso: la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016, ndi loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, la 2024. Chotsala ndi kufikitsa phindu la zonsezi kwa eni ake.

Choyamba, thandizo lisendere kufupi ndi anthu. Anzathu a ku Kenya anatsegula malo otchedwa Huduma m'chaka cha 2013, kumene munthu amapeza ntchito zambiri za Boma pansi pa denga limodzi. A ku Rwanda anayamba njira ya Irembo m'chaka cha 2015, ndipo amene alibe foni yamakono amathandizidwa ndi maejenti a m'dera lawo lomwelo. Ifenso tinayesa nzeru yotereyi ndi malo a Mlambe m'mapositi ofesi a ku Lilongwe ndi ku Mangochi. Nchifukwa chiyani pa Lirangwe, pa Lunzu ndi pa Chileka pasakhale chipinda chimodzi chokhala ndi kompyuta, sola ndi kalaliki wophunzitsidwa bwino, kumene munthu angalembetse kubadwa kwa mwana, kukonzetsa chitupa chotayika, kulipira msonkho wa bizinesi ndi kufunsa pamene pafika pempho lake? Mtengo wa chipinda chotero ngwochepa pouyerekeza ndi ndalama zimene anthu a m'dera lonselo amathera m'minibasi chaka chilichonse. Achinyamata omaliza Fomu 4 amene akungokhala m'midzi imeneyi akhoza kuphunzitsidwa ntchitoyi.

Chachiwiri, maunduna azilankhulana. Munthu amene anapereka kale dzina, tsiku lobadwa ndi zidindo za zala kwa Boma asafunsidwenso kalata ya amfumu yotsimikiza zomwezo pa ofesi iliyonse. Nambala ya chitupa ikhale yokwanira ku chipatala, ku zaulimi, ku zamsewu, ku Mtukula Pakhomo ndi pa mndandanda wa malipiro a antchito a Boma. Unduna uliwonse ukamagula makina akeake osagwirizana ndi a unzake, ndalama zimatha koma mzere suchepa. Mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu, mauthenga ndi mafomu akhale m'zilankhulo zathu, ndipo azitheka pa foni wamba ya mabatani, pakuti imeneyo ndiyo ili m'manja mwa anthu ambiri a kumudzi. Gogo amene sadziwa kuwerenga, munthu wosaona ndi amene alibe foni asatsekeredwe kunja. Pakhale munthu wowathandiza, ndipo netiweki ikavuta pakhale njira yolembera pempho lawo kuti lidzalowe m'makina pambuyo pake, iwo osabwereranso.

Chachinayi, ofesi iliyonse imene yalandira makina iziulula zotsatira zake. Pakhomo pakhomedwe chikalata chonena masiku amene ntchito iliyonse imatenga ndi mtengo wake. Kumapeto kwa chaka mkulu wa ofesi azifotokozera Khonsolo ndi Nyumba ya Malamulo kuti pa mapepala, mafuta ndi maalawansi papulumuka ndalama zingati, ndipo zapita kuti. Anthu akaona kuti ndalama zopulumutsidwazo zagula mankhwala pa chipatala cha Lirangwe kapena madesiki pa sukulu ya kwa Kuntaja, sadzafunanso wowanyengerera kuti akhulupirire njira zatsopanozi.

KWA ANTCHITO A BOMA NDI ATSOGOLERI

Inu antchito a Boma, tikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi nkhawa kuti makina adzakulandani ntchito. Dziko lino likusowabe anamwino, alangizi, aphunzitsi ndi makalaliki m'madera ambiri, choncho ntchito siingathe. Chimene makina akuchotsa ndi kukopera maina m'mabuku atatu ndi kusakasaka faelo tsiku lonse. Phunzirani makinawa ndi mtima wonse, achikulire ndi achinyamata omwe, ndipo musachite manyazi kufunsa, poti safunsa anadya phula. Nambala yanu yachinsinsi muisunge monga musungira kiyi wa sefa: musabwereke mnzanu, musailembe pa khoma, pakuti chilichonse chochitidwa ndi nambalayo chidzafunsidwa kwa inu. Ndipo amene amazimitsa makina dala kuti anthu abwerere kwa madobadoba adziwe kuti akubera amayi awo omwe a kumudzi.

Inu atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera, pamodzi ndi mafumu ndi makomiti a chitukuko, ntchito yanu ndi yophunzitsa. Pa misonkhano uzani anthu kuti chitupa cha unzika sichigulitsidwa, sichibwereketsedwa, ndiponso sichiperekedwa ngati chikole kwa wakatapila. Achenjezeni za akathyali oimba foni monamizira kuti ndi a Boma nkumapempha nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money. Limbikitsani makolo kulembetsa ana akangobadwa, ndi kukanena imfa ikachitika kuti dzina la malemu lichotsedwe m'kaundula. Kumbukiraninso kuti thandizo la Boma ndi la Mmalawi aliyense. Makina safunsa kuti munthu anavotera yani, ndipo mtsogoleri wofuna kulowetsa maina a abale ake pa mndandanda mwachinyengo akuwononga chinthu chimene chinamangidwa ndi ndalama za tonsefe.

Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. M'chaka cha 2016 Amalawi ambiri analibe chitupa cha unzika, koma pofika 2020 mlimi ankagula nacho fetereza. Mtunda wotsala ndi wochokera ku maofesi a m'tauni kufika pa Lirangwe, pa Mdeka ndi pa Chileka. Funso limene mkulu wa ofesi aliyense ayenera kudzifunsa asanapemphe kompyuta ina ndi ili: kodi makina amenewa achepetsa maulendo angati a munthu wa kumudzi, ndipo atseka mabowo angati otayira ndalama za Boma? Amene ali ndi yankho lomveka apatsidwe makinawo msanga. Amene alibe yankho ayambe wakonza kachitidwe ka ofesi yake. Tiyeni tonse tigwirane manja pa ntchito imeneyi, kuti ndalama ya msonkho igwire ntchito yake ndipo mlimi atsale kumunda kwake.